Kodikodi Anandiitanitsira Ankhoswe

Nkhani iyi anzanga a kugalaja ku Zingwangwa amaikamba mokometsera, ndiye bola manyazi angawa ndiwagawe ndekha.

Mkazi wanga Ireen anabwerera kusukulu atakula kale, kukaphunzira za ulimi. Ine ndine makaniko, za m'mabuku akezo sindinkazitsata. Loweruka lina ndikusamba m'manja kuseri kwa nyumba, ndinamumva pawindo akulankhula pafoni ndi mnzake wa m'kalasi.

"Ndatsimikiza, sisi. Mwa ana aamunawo, ma chromosome a bambo awo sagwira ntchito. Zimene adzapatsire ana awo ndi za mayi zokhazokha. Bamboyo ndi wongoperekeza."

Sopo anandipulumuka. Ife tili ndi ana aamuna awiri. Mawu oti chromosome ndinkawamva pawailesi akamakamba za DNA, ndipo DNA siitchulidwa pakhomo pamene pali mtendere.

Madzulo ake ndinawayang'anitsitsa anyamatawo. Mphuno si yanga. Makutu si anga. Wamng'onoyo mpaka masamu amakhoza, zimene pamtundu wathu sizinachitikepo.

Ireen sindinamufunse. Ndinakwera minibasi wa ku Bangwe kukauza amalume, omwe ndi ankhoswe anga. Iwo anaimbira ankhoswe akuchikazi ku Chemusa. Lamulungu titachoka ku Misa, onse anadzaza pabalaza, nkhope zili ndwii.

Ndinafotokoza zonse. Ireen anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatuluka panja. Amalume anandinong'oneza kuti basi, wathawa ameneyo.

Ireen anabwerera atanyamula tsamba la papaya lodzaza tinthu toyera ngati thonje, n'kuliika patebulo.

"Banja limene ndinkanena lija ndi ili. Kodikodi."

Anafotokoza modekha kuti tizilombo timeneti timayamwa zomera, ndipo kuberekana kwake n'kwachilendo: mwana wamwamuna amalandira za makolo onse awiri, koma za bambo zimangogona mpaka kutayika. Inali nkhani ya mayeso ake.

Ine ndinkangoyang'ana simenti. Ankhoswe akuchikazi, akudziletsa kuseka, anapempha kuti awaonetse bamboyo. Ireen anati ndi wovuta kumupeza: ndi kakang'ono, kamauluka, sikakhalitsa, ndipo kakakula sikakhala ndi pakamwa.

Amalume anavula magalasi, n'kundiyang'ana.

"Alibe pakamwa? Mphwanga, mnzakoyu Mulungu anamukonda kuposa iwe!"

Masiku ano ndikamva nkhani pawindo, ndimayamba ndafunsa ngati mwini nkhaniyo ali ndi miyendo iwiri kapena sikisi.