Njira Sinatseguke, Bwana

Kwa Bwana Mkulu wa Uchembere Wabwino,
Kulikulu, kumene msewu uli ndi phula.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pamchenga, chipewa chili m'manja. Ine ndine Fredrick Manda, msodzi wa usipa wa kuno kumpoto kwa Usisya, amene sukulu inamuthawa ali sitandade sikisi. Chiyankhulo changa chakubere ndi Chitonga. Chichewa ndinachitola pamsika ndi m'maminibasi, ndiye pomwe ndaphonya mukhululuke. Ndalemba kuti ndithokoze chifukwa cha mawu okongola amene mumatitumizira pamodzi ndi anamwino anu, poti mawuwo amafika kuno ngakhale ambulansi isafike.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mawu oti matenda. Zaka zitatu zapitazo mkazi wanga Flora ali woyembekezera, ndinamuperekeza kusikelo monga mwamuna womvera malamulo. Namwino wochokera ku Dedza anatiuza mokoma kuti matenda akayamba tithamangire kuchipatala. Tinavomera ndi mitu yonse iwiri. Tsiku lina m'mawa msana unayamba kumuwawa Flora. Ndinamugwira pamphumi, thupi silikutentha. Chifuwa ayi, malungo ayi, kondowole wadya bwinobwino. Tinagwirizana kuti ameneyu ndi mwana chabe akugogoda, matenda enieniwo tidikire. Tinadikiradi mpaka madzi anasweka. Mwana wathu Bright anabadwira m'boti tikuthamangira kuchipatala, pamwamba pa ukonde, ndipo mchombo wake azakhali anga anaumanga ndi ulusi wosokera ukonde womwewo. Titafika, namwino anakalipa kufunsa chifukwa chimene Flora anachirira panyanja. Ine ndinayankha mwaulemu kuti sangachire munthu amene sanadwale. Apo m'pamene ndinaphunzira kuti kwanuko kubereka ndi kuchira, ndipo zowawa zake ndiwo matenda. Safunsa anadya phula, ife tinadya ndi njuchi zomwe.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha magazi othamanga. Flora ali ndi pakati penanso, mwezi wachisanu ndi chinayi uno. Atamumanga kansalu kopopa kaja pamkono, ananena kuti magazi ake akuthamanga kwambiri. Bwana, ndinanyada! Ndinakauza anzanga kudoko kuti ndinakwatira mkazi wamphamvu, ngakhale magazi ake sayenda chokwawa ngati a akazi awo. Mapazi atatupa ndinati ndi kudya bwino. Anandichotsa umbuli ndi namwino watsopano, mayi Hannah, amene anandikhazika pabenchi n'kundifotokozera m'Chitonga chake chothyokathyoka kuti magazi oterewa amagwetsa mayi, amakomola, amapha ndi mwana yemwe. Ananenanso kuti Flora asachirire kuno, apite kuchipatala chachikulu nthawi isanakwane. Mayi ameneyu musamukweze udindo chonde, mungatilande.

Chachitatu ndicho chandigwiritsa bolopeni. Lachiwiri lapitali mayi Hannah atamuyeza Flora kuseri kwa katani, anatuluka n'kundiuza kuti ndisade nkhawa kwambiri, njira sinatseguke. Ndinawayankha kuti zimenezo ndikuzidziwa kale, inatsekeka pa Khirisimasi pomwe phiri linagumukira pamsewu, ndipo ambulansi imabwerera pamwamba pomwepo, dalaivala n'kutiimbira foni yotifunira mafuno abwino. Anaseka mpaka kugwira khoma. Kenaka anandiphunzitsa kuti iwo akunena njira yodzera mwana, imene amaiyeza ndi zala, ndipo ikafika masentimita khumi mwana sapemphanso chilolezo kwa munthu.

Ndiye onani, Bwana, kuno tili ndi njira ziwiri zotseka. Imodzi anatseka ndi Mulungu, ndipo aitsegula yekha masiku akubwerawa, osaitanitsa msonkhano. Inayo mukuidziwa. Ya Mulungu ikayamba kutseguka, yanu isanatseguke, Flora akwera boti lomwe lija, ndi magazi ake othamangawo, pa mphepo ya mpoto imene sabata ino yatiletsa ngakhale kuponya ukonde. Apa sindikuseka. Ndikuopa, Bwana. Ndinaseka za Bright chifukwa ali moyo, akuthamangitsa abakha panja pano.

Ndikudziwa kuti munena kuti misewu si ya ofesi yanu, ili ndi bwana wake amene ali kumsonkhano. N'zoona. Koma chikwangwani chimene munatipachikira pakhoma la sikelo, cha mayi wonenepa akumwetulira pafupi ndi galimoto yoyera, chimati mayi asafe pobereka. Tachiwerenga, tachimvetsa, ndipo nthawi ino sitinaphonye liwu ngakhale limodzi. Galimotoyo timaionera pomwepo.

Pempho langa ndi laling'ono ngati usipa umodzi. Sindikupempha phula, ndine yani ine? Ndikupempha kuti inuyo, amene mumadziwa mawu onse, mukwere galimoto yanu yaikulu ija mvula isanathe, mubwere ndi amayi akunyumba atakhala kumbuyo. Mukafika pomwe phiri linagumuka mutsike, muvale magolovesi, muyeze ndi zala zanu zolemekezekazo. Kenaka mutilembere m'Chichewa chosavuta kuti njira yathu yatseguka masentimita angati, kuti ndikamuuze mwana ali m'mimbayu adikire mpaka liti.

Yewu ukongwa, ada. M'Chichewa chanu, zikomo kwambiri, bambo.

Ine wanu wogwadabe, poti poyenda palibe,

Fredrick Manda,
mwamuna wa Flora, amene sanachire.