Ba Amock ndi Nambala ya Mkamwini

Ku Kabwata aliyense ankadziwa kuti ba Amock sakhulupirira munthu asanagawe nambala yake. Anali mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, ndipo ankati nambala yosagawika, ija imangolola wani ndi iyo yokha, ndi ya munthu woumira.

Minibasi ikaima, iwo maso pa nambala yakumbuyo. Kondakitala akuwe chotani, yankho linali limodzi: "Iyi siigawika, pitani." Akazi awo, ba Helen, ankangoima padzuwa thumba lili pamutu. Masamu aakulu ba Amock ankachitira pakhoma lakuseri ndi khala, ndipo wotsuka khomalo anali ba Helen omwewo.

Mwana wawo Pearl atapeza mnyamata wa ku Kabulonga, kwa anthu achuma, dzina lake Spencer, ba Helen anatumiza mawu mwakachetechete kuti mnyamatayo agule simu ya foni ya nambala yothera ndi thuu, yoti igawike msanga. Koma Spencer anayamba wadzera kwa abusa ake, amene anamuuza kuti madalitso ali pa seveni. Anagula yothera ndi maseveni atatu.

Tsiku la ankhoswe, alendo atangoika pansi mbale zawo zofunsira ukwati, ba Amock anafunsa nambala ya foni ya mnyamatayo, n'kunyamuka ulendo wakuseri.

Ba Helen anasuzumira mbale zija. Ankadziwa kuti nambalayo ikakana, mbale zibwerera, ndipo anthu a ku Kabulonga sabwera kawiri. Nkhuku imene anailawirira m'mamawa inazizira, anaitenthetsa, inaziziranso. Amalume a Spencer anayamba kuseweretsa makiyi a galimoto. Kuchipinda Pearl ankalira chamumtima.

Ba Helen anazungulira kuseri. Khoma linali litadzaza, masamu atafika pachitseko cha bafa.

"Atate ake Pearl, alendo bafuna kuyenda."

"Bayende. Fili yakana, seveni yakana, na twente-naini yakana."

Khala linawathera m'manja. Ba Helen anaganiza zobisa thumba lonse la makala, koma anatola khala lina n'kuwapatsa. Galimoto italira kubwalo, ba Amock analemba ziro wamkulu pansi pa chitseko. Anatulukira kwa alendo manja ali bii.

"Yalola pa fote-seveni. Mnyamata ni wouma, koma ukamupempha maningi, apatsa."

Amalume aja anazimitsa galimoto osamvetsa kanthu, ndipo ukwati unachitika.

Chaka chatha ba Amock anatisiya. Kumanda, anthu akuimba, ba Helen anawerama n'kuwerenga kachitsulo ka nambala ya manda. Inathera ndi eyiti.

"Igawika pabili," ananong'oneza. "Munisungile mbali yanga."

Masiku ano makondakitala a ku Kabwata alibe wokangana naye, ndipo ba Helen akhoza kukwera minibasi iliyonse. Koma yoyamba amaisiya ipite. Khoma lakuseri analitsuka kalekale, koma chitseko cha bafa sanachikhudze.