Mutu Wanga Unapsa ku Beira

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka pakamwa, Lamulungu lotsatira ukwati, titatuluka m'tchalitchi. Dandaulo lachiwiri ndinachita kulemba, ndipo pepala lina ndinasunga. Mpaka lero chithunzi cha mutu wanga chidakali pa gulu la pa foni la banja lathu.

Felesiya, mwana wa mlongo wanga, anapeza banja ku Beira (makolo athu anachokera mbali yomweyo), ndipo ine ndinapita ngati nkhoswe. Nkhoswe sipita ndi imvi zanyankhalala, choncho ndinakameta mpala ku Lirangwe. Mayi a kunyumba anandilongedzera kabotolo ka gilisalini kuti mutu ukawale pa zithunzi.

Ukwatiwo anaukonzera pamchenga, m'mphepete mwa nyanja yamchere. M'mawa Felesiya anandibweretsera mafuta oyera ngati phala, akuti oteteza khungu ku dzuwa.

"Malume, dzolani awa. Dzuwa la kuno limaotcha."

"Iwe, ine ndinayamba kulima ku Chileka usanabadwe. Dzuwa limandidziwa."

"Mumalima mutavala chipewa, malume. Ndi tsitsi lomwe."

Ndinadzola gilisalini wanga, mowirikiza.

Chipewa ndinali nacho. Koma mwamuna woleredwa bwino savala chipewa abusa akupemphera, ndipo abusa a kumeneko amalankhula Chipwitikizi, moti sindinadziwe pomwe pemphero lathera ndi pomwe ulaliki wayambira. Chipewa chinakhala pa bondo mpaka masana. Kamphepo ka kunyanja kanali kozizira bwino (chinyengo chili pamenepa), ndiye sindinamve kuti ndikukazingika.

Pogona, pilo anandikana. Pobwerera, tili m'basi, khungu linayamba kusupuka ngati mbatata yootcha. Yohane, mchimwene wa Felesiya, anakhala mpando wa kumbuyo kwanga. Sanandifundike kanthu. Anandijambula, n'kulemba pansi pake kuti "Nkhoswe yapsa."

Chithunzicho chayenda. Amayi ogulitsa tomato pa Lirangwe amandipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji, a Beira? Papola?" Wometa uja anandifunsa pamaso pa anthu, "Lero timete, madala, kapena tisende?"

Ndinakadandaula kwa mayi a kunyumba.

"Mukanangodzola mafuta a mwana aja, bambo."

"Gilisalini anandipatsa ndani?"

"Ine ndinati mutu uwale. Sunawale?"

Ena akufuna ndivomere kuti khungu lakuda nalonso limapsa. Zimenezo namwino anandiuza kale pondipatsa mankhwala, ndipo analemba m'buku langa la kuchipatala. Si mlandu umene uli pano. Mlandu ndi wa mwana wojambula malume ake chakumbuyo.

Choncho ndikupempha mwaulemu a Yohane, monga oyang'anira gululo, kuti achotse chithunzicho ndi kundiyankha molemba chisanafike chinkhoswe chawo, chimene abwera kale kudzandipempha kuti ndikatsogolere.