Maliro a Mrasha ku Dzivarasekwa

Lolemba

Nkhondo yayamba. Nabanda, mkazi wanga, akufuna kachipinda kakuseri komwe ndimasungamo mabuku, akuti aikemo anapiye. "Mabuku anuwa alibe wowamvera, bambo a Chipo. Pofika Loweruka mubweretse anthu adzamve za Arasha anuwo. Apo ayi, Lamulungu mulowa nkhuku." Ndavomera mokuwa. Ine sindizungulira polankhula.

Chida changa ndi buku lalikulu lopanda chikuto lomwe ndinagula kwa ogulitsa pansi ku msika wa Machipisa. Analemba aphunzitsi a kuyunivesite, kufotokoza olemba nkhani a ku Rasha. Nkhani zenizenizo sindinazionepo. Zilibe kanthu, aphunzitsiwa anandiwerengera kale.

Lachiwiri

Ndikukonza phunziro. Mitu yake:
- Chifukwa chake Mrasha mmodzi amakhala ndi mayina atatu ngati wothawa apolisi
- Chisanu
- Ndevu
- Kodi wolemba wamkulu kuposa onse wa kumeneko ankawakonda amphawi, kapena ankangowamvera chisoni?

Pa funso lomalizali aphunzitsi awiri akukangana buku lonse, m'timalemba ta m'munsi tating'ono ngati nyerere. Amantha! Palibe amene akuuza mnzake kuti ndi chitsiru. Ndawalembera ine m'mphepete.

Ndaitana anthu pokwerera makombi, maminibasi a kuno. Kondakitala, ponditchula agogo m'Chishona, akuti, "Sekuru, ya ku Rasha yangonyamuka, dikirani ina." Galu.

Lachitatu

Ndapondaponda Dzivarasekwa yonse. Mayankho:
- Bambo Phiri, mlembi wa sosayiti yathu ya maliro: miyendo ikuwawa.
- Che Saidi ogulitsa nsapato: "Kuli tiyi?" Kulibe tiyi, kuli nzeru!
- Chipo, mwana wanga wobereka ndekha, wayankha m'Chishona kuti ndimutumizire mwachidule pafoni.

Ndapeza Nabanda akuyeza kachipinda ndi mapazi, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Lachinayi

Ndaganiza. Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, chotisonkhanitsa kuno ndi chimodzi: maliro. Ukwati timazemba, msonkhano timadwala, koma maliro ngakhale wa miyendo amathamanga. Ndipo olemba a m'buku langa onse ndi akufa!

Ndatumiza pa gulu la pafoni la sosayiti: "Tataya mkulu wina wolemba mabuku, wafera kutali kozizira. Tikumane kwathu Loweruka." Bodza lili pati? Kuti anamwalira liti palibe wandifunsa.

Lachisanu

Abwera lero! Ndinaiwala kuti maliro sadikira Loweruka.

Ndikuchokera kojambulitsa mapepala a phunziro, ndikupeza:
- tenti pabwalo
- moto wa nkhuni
- aneba Achishona akundigwira dzanja mwaulemu
- amayi akulira, wina akuti malemuwo ankawadziwa, anali munthu wopatsa moni

Choopsa ndi ichi. Pa mwambo wathu nyumba ya maliro imatulutsidwa katundu kuti olira apeze pokhala. Amuna a sosayiti atulutsa tebulo, shelefu, mabuku, zonse. Kachipinda mbee! Wowalozera ndi Nabanda. Uthenga uja anauona, akudziwa bwinobwino kuti wafa ndani. Akulira kuposa onse.

Loweruka

Bambo Phiri, miyendo ili gwa, akufunsa pamaso pa anthu: "Thupi lili kuti, akulu? Tiika kuno kapena kumudzi?"

Ndaimirira. Ndanena zoona: anaikidwa kale, agogo athu asanakwere sitima yobwera kuno. Ndatsegula buku. Ndangofika pa mutu wa mayina atatu basi, zinthu zavuta. Mayi wodziwa malemu uja wanditchula mayina oposa atatu, ena sindingalembe muno. Tenti yagwetsedwa ndili mkati. Che Saidi okha atsala mpaka mutu wachiwiri, wa chisanu uja, poti tiyi wa pamaliro anali asanathe.

Bambo Phiri akuti tsiku langa likadzafika, adzayamba aona thupi ndi kulitsina asanaitane munthu.

Ndauza Nabanda kuti anthu abwera, ndiye ndapambana. "Ndinati adzamve, bambo a Chipo. Sindinati adzalire." Ndamenyetsa chitseko. Chaguluka.

Lamulungu

Anapiye alowa. Sipanafunike n'kusesa komwe, olira anakolopa kale. Mabuku ali kunsi kwa bedi. Sosayiti yagamula kuti nkhuni za pamaliro onse a chaka chino ndiziwaza ndine.

Magetsi apita, nyale yowatenthetsa yazima. Nabanda akuti pafunika munthu wowayang'anira kuti asaunjikane n'kupondana. Munthuyo ndine. Ndakhala pa chidebe m'kachipinda kanga, buku pamwendo, ndikuwerenga mokweza.

Nabanda wasuzumira. "Za akufazo musawawerengere, angasiye kudya."

Ndatsitsa mawu.