Apongozi Kutsogolo, Injini M'mwamba

Mpaka lero ndikamadutsa padoko la kwathu pa Ruo, opalasa mabwato amayamba kutsokomola ngakhale alibe chifuwa. Ine ndimangozyolika n'kumayenda. Ndikudziwa chimene amatsokomolera, ndipo poti nkhaniyi inaoloka kale mpaka kutsidya ku Mozambique, bola ndikuuzeni ndekha isanakupezeni itathiridwa mchere wambiri.

Ndine mkamwini kumunsi kwa Muloza, ndipo ntchito yanga ndi yokonza njinga zamoto za akabaza. Nthawi imeneyo ndinkakonzera pansi pa mtengo wa mango, moti mvula ya ku Mulanje kuno ikangoti wa, ntchito inkathera pomwepo. Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anali ndi kamalo m'mbali mwa msewu. Kamalo kameneko ndinkakalota usana ndi usiku kuti ndimangepo shedi. Ndinapempha kangapo kudzera mwa mkazi wanga, mayi a Chisomo, koma yankho linkabwera limodzimodzi: "Tiona." Kuonako kunatenga zaka, ndipo ndinayamba kumva mphekesera zoti mkamwini mnzanga akufuna kumangapo okala.

Ndanena kuti ndinkapempha kudzera mwa mkazi wanga, chifukwa m'banja limene ndinakwatiramo mwambo wothawana ndi apongozi sunafe. Tikakumana panjira, ine ndinkalowa m'chinangwa. Iwo akafuna kuti ndiwadulire nsungwi, ankauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pakhonde pomwepo ndikumva. Kukhala moyandikana, kuyang'anana m'maso, zimenezo kunalibe. Sikudana ayi, ndi ulemu.

Tsono kunabwera mlamu wanga Waisoni kuchokera ku Chilwa, kumene ankapha nsomba. Nyanja itaphwa, bwana wake anamupatsa injini ya boti m'malo momutsanzika chimanjamanja. Inali injini yokoloweka kumbuyo ija, yakale koma yamoyo. Ndinaitsuka, n'kuisintha pulagi, ndipo italira ndinamva mumtima kuti mwayi wanga wafika. Apongozi amaoloka Ruo kawirikawiri kukaona mng'ono wawo kutsidya, ndipo bwato lopalasa amaliopa. Ndinaganiza kuti ndikawaolotsa pa boti la injini ngati nduna, kamalo kaja katuluka pakamwa pawo posafunsa n'komwe.

Ndinayamba kuonera makanema a maboti pafoni (bandulo imene ndinatha pamenepo mayi a Chisomo sakudziwa mpaka lero). Ndinaona maboti a anthu olemera a kunja, okhala ndi chipinda chogona ndi khitchini, ongoyendera kupitidwa mphepo. Ndinaphunzira kuti akale ankaika injini m'mimba mwa boti, koma masiku ano ambiri akukonda yokoloweka kunja. Posakhalitsa ndinasanduka mlaliki. Wakabaza akabwera ndi tcheni chodula, ankachoka atamva ulaliki wonse.

"Injini ya m'mimba imadya malo, imanunkhitsa utsi, ndipo ikafa umaikonza chozondoka ngati mleme," ndinkatero. "Koma yakunjayi umangomasula, kuisenza paphewa, kupita nayo kunyumba. Dziko lonse lapita kumeneko, anzanga."

"Inu bwana, nyanja munaionako?" wina anandifunsa.

Ndinamuyankha kuti dokotala sachita kudwala kaye matenda onse.

Pa kapangidwe ka boti tinatsutsanako pang'ono ndi Waisoni. Iye ankati tikhome lapansi pophwatalala, lotakata ngati lichero, monga a ku Chilwa. Ine ndinakana. Ndinkafuna lamphuno yosongoka, lowonda, lothyola madzi ngati a m'kanema, komanso thabwa lakumbuyo likhale lalitali kuti mafunde asalowe (pa Ruo mafunde ake ati, musandifunse). Waisoni ndi munthu wosakonda mikangano. Anangoti, "Alamu, inu ndi amene mumadziwa zitsulo," n'kubwerera ku bawo. Mmisiri amene tinamupeza ndi wokhoma zitseko ndi mabokosi a maliro, ndiye chilichonse chimene ndinamuonetsa pafoni ankangoti, "Zotheka."

Boti linatuluka lokongola, ndisaname. Tinalipaka utoto wobiriwira. Vuto n'lakuti mwendo wa injini yathu unali waufupi, ndipo pathabwa lalitali lija timapiko take tozungulira tinkangofika m'madzi pang'ono. Tsiku loyesa sitinaone cholakwika, chifukwa ine ndi Waisoni tonse tinakhala kumbuyo, kulimbirana chogwirira. Kulemera kwathu kunamiza timapiko tija bwinobwino, boti linathamanga, ana m'mbali mwa mtsinje anakuwa. Tsiku lomwelo ndinatulutsa nkhafi imene Waisoni anaikamo. Ndinati boti la injini kuyenda ndi chopalasira n'chimodzimodzi kukwera minibasi utanyamula ndodo.

Mwayi unabwera Loweruka lina m'mawa. Kutsidya kunali ukwati wa mwana wa mng'ono wawo uja, ndipo apongozi anavomera kuti ndiwaolotse. Anafika padoko atatchena chilundu chatsopano, mayi a Chisomo ali pambuyo ndi dengu la kalongonda, thumba la ufa ndi nkhuku yomanga miyendo. Apongozi anga Mulungu anawapatsa thupi, ndinene mwaulemu choncho. Anayang'ana boti, anaona pamene woyendetsa amakhala, ndipo monga mwa mwambo anapita kukakhala kutali kwenikweni ndi ine, pamphuno penipeni, atandipatsa msana. Katundu yense anati akhale pamapazi awo. Mkazi wanga anakhala pakati, ngati malire a dziko.

Malo a Waisoni panalibe. Iye anangotikankha n'kutsala pamtunda akutibayibitsa.

Ndinakoka chingwe, injini inalira kamodzi n'kamodzi. Anthu padoko anaomba m'manja. Ndinakhala tsonga, n'kupotokola chogwirira.

Phokoso linakula, koma boti silinapite kutsogolo. Ndinawonjezera moto. Injini inalira ngati chigayo, boti likungotsetsereka cham'mbali kutsata madzi. Ndinasuzumira kumbuyo. Mphuno ya boti inali italowa pansi, kumbuyo kuli m'mwamba, ndipo timapiko tija tinkazungulira pamphepo, kukupizira nsomba.

"Bambo a Chisomo, bwanji tikulowera kumunsi?" anafunsa mkazi wanga.

"Ikutenthetsa kaye," ndinatero.

Doko linayamba kuchepa. Waisoni ankathamanga m'mbali mwa mtsinje, kudumpha mizere ya mbatata, akukuwa kuti, "Kumbuyo, alamu! Lemeretsani kumbuyo!" Madzi sanali olusa kwambiri tsiku limenelo, koma aliyense wa kuno amadziwa kuti ukapitirira pansungwi zowirira pali miyala pamene madzi amachita thovu. Ndinafunafuna chopalasira ndi maso, kenako ndinakumbukira ulaliki wanga.

"Mayi a Chisomo, bwerani kuno ndi katundu."

Anabwera, chokwawa, akukoka ufa ndi dengu, nkhuku ikulira kukhwapa. Mkazi wanga ndi wochepa thupi, anatengera bambo ake. Timapiko tinangonyambita madzi n'kutiwaza kumaso. Pamenepo ndinadziwa mankhwala ake, ndipo ndinalakalaka ng'ona itangonditenga.

"Auzeni amayi," ndinanong'ona, "kuti asunthire kuno."

"Kuno kuti?"

"Pano. Pafupi ndi ine."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Komabe anatembenuka. "Amayi, akuti mubwere kumbuyo kuno."

Apongozi sanacheuke. "Uwauze kuti pano ndakhala bwino."

"Akuti akhala bwino."

"Ndamva! Auzeni kuti injini sikufika m'madzi."

"Amayi, akuti injini sikufika m'madzi."

"Uwafunse, amene anaiika m'mwambamo ndine?"

Mkazi wanga anatsegula pakamwa kuti andifunse, ine ndinakweza dzanja kuti asavutike. Tinadutsa amayi ena akuchapa pamwala. Anaimika ntchito, mmodzi n'kufunsa mokoma mtima ngati tikupita ku Chiromo. Nsungwi zija zinayamba kuoneka, ndipo mkokomo wa pamiyala unkamveka ngakhale injini inkalira.

Apongozi nawonso anaumva. Anafunda chitenje kumutu, n'kuyamba kubwerera chambuyo. Sanatembenuke ngakhale pang'ono. Ankasuntha chokhala, thabwa ndi thabwa, msana uli kwa ine, boti likupendama uku ndi uku, mkazi wanga akuwaongolera ngati lole yobwerera pa sikelo ya tiyi. "Pang'ono amayi, kumanzere, bwerani, bwerani." Ine ndinayang'ana kumwamba, kuphiri, kulikonse kumene kunalibe apongozi. Mpaka ndinamva msana wawo wagunda mawondo anga.

Chimene ndinaiwala n'chakuti moto ndinali nditautsegula wonse. Kumbuyo kutangomira, timapiko tinaluma madzi, boti linadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Apongozi anagwa chagada pamiyendo panga, chitenje chinauluka, ndipo pofuna pogwira anandikola khosi ndi manja onse awiri. Tinayang'anana maso ndi maso, pafupi kwambiri moti ndinaona kuti ali ndi kachipsera pachikope. Zaka zonsezo sindinkadziwa.

"Wongolani, bambo inu!" anakuwa. "Mukuyang'ana ine, njira ili pankhope panga?"

Awa ndiwo anali mawu oyamba amene apongozi anga anandiyankhula mwachindunji chikwatirire.

Ndinawongola. Boti losongoka lija linathyoladi madzi monga ndinkalalikira, pokhapo ndisanamizidwe. Tinakwera mtsinje, apongozi ali chigwirire khosi langa, mkazi wanga atakumbatira nkhuku akupemphera, mpaka tinakalowa m'bango la kutsidya ndi liwiro lonse chifukwa pozimitsira panali pansi pa chigongono chawo. Padoko la kumeneko panali anthu a ku ukwati odzawachingamira. Nthungululu imene anaikonzekera inafera pakhosi. Bambo wina wachikulire anavula chipewa n'kupereka moni wa Chipwitikizi kuti, "Bom dia," kenako anatembenuka kuyang'ana kuthengo, mapewa akugwedezeka.

Apongozi anadzuka, anakonza duku, anatsika mwaulemu wonse ngati palibe chachitika. Pobwerera madzulo anakwera bwato lopalasa lomwe ankaliopa lija.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ine ndinkangoona kuti ndaterereka basi. Za kamalo ndinachotsako mtima. Ndinkangodikira kuti ankhoswe aitanidwa liti.

M'malo mwa ankhoswe anabwera eni ake. Ndinali pansi pa mango ndikumasula tayala pamene ndinawaona akubwera. Ndinaponya sipanala kuti ndilowe m'chinangwa.

"Khalani pomwepo," anatero. "Muthawa chiyani chimene simunachione?"

Anakoka chigubu cha oilo n'kukhalapo, kundiyang'ana bwinobwino. Ine maso anali pa nyerere.

"Pamadzi paja ndinaona kuti mumanjenjemera," anatero, "koma chitsulo chija simunachitaye, ndipo ine simunandikankhe. Kamalo kaja kamangeni. Mvula yayandikira, mwana wanga."

Ndinangowomba m'manja ngati mwana wolandira nsapato. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo panali patapita nthawi yaitali munthu asananditchule choncho.

Shedi ndinamanga, ndipo mvula ikamagwa ndimagwira ntchito mouma. Boti tinalidula thabwa lakumbuyo, Waisoni amaolotsera anthu, nkhafi ili m'kati. Koma pali chimene palibe anandichenjeza. Mwambo wothawana uja unkanditeteza. Kale ntchito ikachokera kwa apongozi inkadzera mwa mkazi wanga, ndipo ina inkatayika panjira. Lero amabwera okha m'mawa uliwonse, kukhala pabenchi la makasitomala, kundituma nkhuni, kundiuza kuti ndimadulitsa, ndi kufotokozera wakabaza aliyense kuti boti labwino ndi lotakata pansi ngati lichero. Ine wa makanema ndimangoti, "Zoona amayi," chifukwa chinangwa cholowamo chili kutali ndi msewu.