Apongozi Akwecha Aroma

Lolemba

Loweruka lino ndikukaonetsa makobidi anga ku kalabu ya osunga ndalama zakale ku Croydon. Akakhutira nawo, andilandira kukhala membala. Zaka zonsezi ndakhala ndikusambitsa azungu okalamba. Ndikufuna tsiku limodzi mzungu andifunse funso losakhudza matewera.

Makobidiwa ndi a Aroma, amkuwa, ofukulidwa m'minda ya kuno. Ndi obiriwira ndi dzimbiri, ndipo dzimbirilo ndiye ulemu wake. Mkulu wa kalabu, mdala wa tsitsi m'makutu, anandichenjeza kale: "Wotsuka kobidi lakale ndi chigawenga."

Apongozi afika dzulo kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu wawo Tadala. Fulati yathu ya ku Thamesmead ili ndi kanjira kamodzi kopapatiza. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ndiye tikakumanamo ine ndimayang'ana khoma, iwo mita ya magetsi.

Lachiwiri

Manja a apongozi sadziwa kupuma. Zomwe akwecha lero ine ndili kuntchito:
mapoto onse,
ketulo,
chiwaya chosamatirira chija, chomwe tsopano chikuwala ndipo chikumatirira,
makiyi a njinga.

Ndapempha mayi a Tadala kuti awauze mayi awo za kabokosi kanga ka makobidi ka pashelefu. Ayankha akuyamwitsa: "Ndiwauza." Anayankhanso chimodzimodzi za bilu ya gasi.

Lachitatu

Ndabwera ku shifiti, kukhitchini kukununkhira mandimu. Pathaulo pali makobidi anga angapo, oyanikidwa mwadongosolo, akuwala ngati mabatani a wapolisi. Mfumu ya mphuno yaitali ya pakobidi lina ilibenso mphuno. Inapirira nkhondo, chinyezi ndi makasu a alimi. Waya wokwechera mapoto waigonjetsa tiyi asanazizire.

Apongozi akulankhula ndi firiji kuti ine ndimve: "Bambo a kunyumba kuno ndi olimbikira, koma ndalama amasunga ngati zotola kudzala."

Ine ndayankha kwa sinki: "Zikomo, amayi."

Ndathokoza! Ndi pakamwa panga pomwe.

Lachinayi

Otsala ndawabisa mu nsapato ya kutchalitchi. Koma lalikulu lija, lomwe ndinalisaka chaka chathunthu, lomwe ndikudalira Loweruka, silikuoneka.

Ndafunsa mayi a Tadala ngati anawauzadi. "Ndinawauza kuti ndi zinthu zamtengo wapatali. N'chifukwa chake anazitsuka." Ndisanapume awonjezera: "Munthu wasiya munda wake kudzakulererani mwana, inu mukulirira timakobidi tosagula ngakhale buledi?"

Ndafufuza pansi pa sofa, m'thumba la huva yokokera fumbi, m'bini. Ndapeza supuni, yowala.

Lachisanu

Lapezeka. Lili pamchombo pa Tadala, lomangidwa ndi kansalu. Mchombo wa mwanayu ndi wotupa pang'ono, ndipo apongozi akuti kwathu amamangapo kobidi kuti ubwerere. Anayesa paundi, inachepa. Ndiye anasankha lalikulu, n'kulikwecha mbali zonse, n'kuliwiritsa, "poti n'za mwana."

Mayi a Tadala ndi nesi. Akudziwa bwino kuti mchombo umabwerera wokha. Akuti: "Asiyeni, bola sakumutema mphini."

Kuti ndilitenge ndiyenera kuvula mwana pamaso pa agogo ake, n'kulengeza kuti mkuwa ukuposa mchombo. Ndaimbira malume ku Barking, ankhoswe athu, kuti andilankhulire. Aseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, ine ndimaweruza za banja. Mlandu wa Aroma kasume ku Roma."

Ngakhale nditalitenga, pankhope pa mfumuyo patsala posalala ngati chidendene.

Loweruka

Basi, sitima, kenako thiramu, kasitima ka mumsewu. Ndanyamula a mu nsapato, ndi owala aja kuti thireyi isaoneke yopanda kanthu.

Chipinda cha kuseri kwa laibulale, mabisiketi ofewa, madala ovala majuzi. Wina wanunkhiza kobidi langa n'kunena kuti likumveka nthaka yakale. Ndi nsapato. Sindinamutsutse.

Kenako mdala wa tsitsi m'makutu wafika pa owala. Wayang'ana ndi galasi lake nthawi yaitali, ngati dokotala amene akusowa poyambira. Wafunsa motsitsa mawu: "Wachita zimenezi ndani?"

Dzina linali pamlomo. Koma munthu sugulitsa apongozi kwa alendo, ngakhale apongozi a waya. Ndati ndine.

Mdalayo watsitsa galasi lake. Wandipatsa kapepala kophunzitsa ana asukulu kasamalidwe ka makobidi, n'kunena kuti ndidzayesenso chaka chamawa. Wandiperekeza mpaka pakhomo, ndikuganiza kuti amaopa ndingakhudze thireyi ya wina.

Lamulungu

Mchombo wayamba kubwerera, monga umachitira mchombo uliwonse.

Kutchalitchi apongozi aimirira kupereka umboni. Akuti mkamwini wawo ndi munthu woona patali: anasungiratu kobidi la mankhwala la nthawi ya atumwi mwana asanabadwe n'komwe. Mpingo waomba m'manja. Abusa andiloza kuti abambo ena atengerepo phunziro.

Pa tiyi andizungulira amayi a makanda. Akufuna kubwereka. Apongozi avomera kale m'malo mwanga, ndipo akonza ndi mzere womwe: likachoka pa Tadala likupita ku Barking, kenako kwa mapasa a ku Croydon. Poti mapasa ndi awiri, titafika kunyumba afunsa firiji ngati bambo a kunyumba kuno ali ndi lina.

Lili mu nsapato yakumanzere, amayi.