Chimbale chochokera ku Chipata

Lolemba
Pulogalamu yaulere ya pakompyuta ija imatuluka yatsopano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Eni ake sanyengerera: chilankhulo chimene sichinathe kumasuliridwa pofika Lachisanu, achichotsa. Chathuchi timamasulira awiri, ine kuno ku boma ndi a Misozi ku Chipata. Sindinawaonepo, timangolemberana maimelo. Alonjeza kuti tikamaliza abweretsa okha chimbale cha pulogalamuyo pa boda. Anditsalira mawu 180. Malaya ndagula kale!

Lachiwiri
Magetsi athima kuyambira m'mawa. Ndikumasulira m'kope, ana a Fomu 2 akulemba mayeso. Mawu 12 basi. Nthawi yotsalayo ndikuganiza: kodi ndi aatali? Amavala magalasi?

Lachitatu
Ku kafe ya intaneti kwadzaza maejenti a pa boda ndi mapepala a mathiraki. Mpando ndaupeza mochedwa. Imelo ya a Misozi ilipo: "Limbikirani, ba ticha." Ndikuiwerenga kasanu ndi kawiri mpaka nthawi yanga yatha. Mawu sindinatumize ndi amodzi omwe.

Lachinayi
Maliro ku Mavwere, mayi ake a mphunzitsi mnzathu wa masamu. Ahedi akuti: "Kompyutayo siithawa, kwerani lole."
Zofunika pa boda:
kumeta
mtedza wokazinga wa mphatso
osalankhula zambirimbiri ngati ndili m'kalasi

Lachisanu
Ndathamanga ndi kope langa. Kafe yotseka, mwini wake wapita ku Lilongwe! Ndaima pakhomopo ngati wodikira minibasi. Chichewa chagwa chifukwa cha ine, ndipo a Misozi sabweranso. Zikundiwawa.

Loweruka
Kafe atsegula. Imelo ya a Misozi: "Osadandaula, nasiliza neka. Mawa 10 koloko pa boda." Amaliza okha gawo langa lonse, chilankhulo chalowa! Ndameta mpala wosafuna, wometayo dzanja linamuthawa.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Ndili pa boda kuyambira 8 koloko. Thiraki yaima, watsika bambo wojintcha, womwetulira. "Ndimwe ba ticha? Akazi anga akuti nikupaseni ichi." Wandigwira chanza ndi manja awiri. Munthu wabwino zedi, chimenecho ndiye chopweteka.

Kunyumba ndaika chimbale. Paliponse ndikadina, kompyuta ikundiyankha ndi mawu amene anasankha a Misozi. Ndikusowa munthu amene sindinamuonepo.

M'chikutomo muli kakalata: "Yotsatira tiyamba liti?"

Ndiwayankha kuti mawa.